Dzanja Lothandiza Lisasanduke Goli

Palibe Mkhristu amene angakane kuti kuthandiza wosauka ndi ntchito yabwino. Tidaphunzira zimenezi pa katekisimu tili ana, ndipo m'maparishi mwathu timazichita ndithu. Miphakati imasonkha ufa wa odwala, amayi a m'mabungwe amayendera nkhalamba, achinyamata amafolera nyumba za amayi amasiye. Komabe pali funso limene sitilifunsa kawirikawiri, mwina chifukwa limaoneka ngati lonyoza anthu amtima wabwino. Funsolo ndi ili: kodi n'kotheka kuti munthu apondereze mnzake pa nthawi yomwe akumuthandiza? Ife tikuti n'kotheka, ndipo mbiri ya anthu ili ndi umboni wochuluka. Tikutinso gwero la kuponderezako n'limodzi kulikonse: wothandiza amaleka kumva mawu a munthu amene akumuthandizayo.

Mphamvu ya cholembera

M'maiko ambiri muli anthu amene adaphunzira ntchito yosamalira anzawo ovutika, ntchito imene pa Chingerezi amaitcha social work. Kuno kwathu timawapeza ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, m'zipatala, m'makhoti a ana ndi m'mabungwe a mipingo. Munthu wotere akafika pakhomo sanyamula mkondo kapena chibonga. Amanyamula cholembera ndi pepala basi. Koma taonani mphamvu ya cholemberacho. Chikalemba dzina, banja lilandira chimanga. Chikalidumpha, banjalo ligona ndi njala. Chikalemba kuti mayi uyu ngosasamala, mawuwo adzawerengedwa ndi woweruza amene sadamuonepo mayiyo, ndipo mwana angathe kuchotsedwa kumsana kwake. Wothandiza amadziwa malamulo, amalankhula chiyankhulo cha m'maofesi, ndipo zonena zake anthu amazikhulupirira. Wothandizidwa kawirikawiri alibe zonsezi. Ali ndi njala, ali ndi manyazi, ndipo amaopa kuti akatsutsa pang'ono pokha ataya ngakhale kochepa kamene amayembekeza.

Si antchito a boma okha amene ali ndi mphamvu imeneyi. Wapampando wa mphakati amene amalemba maina a olandira zovala ali nayo. Sisitere woyang'anira nyumba ya ana ali nayo. Wansembe amene amalemba kalata yopemphera mwana fizi ali nayo. Chifukwa chake nzeru zimene anthu a ntchitoyi adazipeza movutikira zikutikhudza tonsefe.

Vutoli lidaonekera ntchitoyi itangoyamba kumene. Mu 1869 ku London kudakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Charity Organisation Society, limene antchito ake ankayendera mabanja osauka, kufufuza za moyo wawo ndi kulemba zonse m'mabuku. Luso lofufuza bwino nkhani ya banja lililonse palokha lidakulira kumeneko, ndipo n'lothandiza mpaka lero. Koma cholinga chachikulu chidali kusiyanitsa osauka oyenera chithandizo ndi osayenera, ngati kuti umphawi umabwera makamaka chifukwa cha ulesi ndi uchidakwa. Malipiro ochepa a m'mafakitale ndi kukwera kwa lendi sizinkawerengedwa kwenikweni. Wosauka ankaikidwa pa sikelo, koma panalibe woyesa sikeloyo kuti aone ngati inali yolungama.

Ana a ku Canada

Kuti tione kumene mtima wotere ungafikitse anthu, tiyeni tikumbukire zimene zidachitika ku Canada. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 kufikira m'zaka za m'ma 1990, boma la dzikolo lidali ndi masukulu ogonera konko a ana a eni nthaka, ndiye kuti mitundu imene idalipo Azungu asanafike. Ana pafupifupi 150,000 adadutsa m'masukulu amenewa. Boma linkapereka ndalama, mipingo ndiyo inkayendetsa, ndipo masukulu ambiri adali m'manja mwa mabungwe a Chikatolika. Mu 1920 lamulo lidakhwimitsidwa kuti mwana aliyense wa zaka 7 mpaka 15 azipita kusukulu mokakamizidwa, ndipo makolo okaniza ana awo ankatha kulangidwa. Anawo ankametedwa, ankaletsedwa kulankhula chiyankhulo cha kwawo, ndipo ana a mimba imodzi ankalekanitsidwa. Ambiri adamenyedwa ndi kuchitidwa zamanyazi. Oposa 3,000 adafera komweko, ambiri ndi matenda monga chifuwa chachikulu.

Masukuluwo atayamba kuchepa, kuchotsa ana kudapitirira m'njira ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, antchito osamalira anthu ankalowa m'midzi ya eni nthakawo. Akapeza nyumba yothithikana, yopanda zakudya zimene iwo adazolowera kwawo, kapena ana akuleredwa ndi agogo, ankalemba kuti anawo akusowa chisamaliro. Ana pafupifupi 20,000 adatengedwa motero n'kuperekedwa kwa mabanja a Azungu, ena mpaka ku United States ndi ku Ulaya. Mu 2015 komiti yofufuza choona ndi kuyanjanitsa anthu idanena kuti zimene zidachitika m'masukuluwo kudali kupha chikhalidwe cha mtundu wa anthu. Mu 2019 bungwe la antchito osamalira anthu a m'dzikomo lidapepesa. Pa 25 July 2022 Papa Francis adaima pamaso pa eni nthaka ku Maskwacis, m'chigawo cha Alberta, napempha chikhululukiro. Kupepesako kudali koyenera, ngakhale akuluakulu adati pepani sapoletsa chilonda.

Chotiopsa pa nkhaniyi n'chakuti ambiri mwa ochita zimenezi sankadziona ngati ankhanza. Ena adasiya kwawo, nakhala moyo wosauka m'dziko lozizira, akukhulupirira kuti akupulumutsa ana ku umbuli ndi umphawi. Mtima wodzipereka adali nawo. Chimene adasowa ndi khutu. Adatsimikiza okha kuti akudziwa chabwino cha mwana kuposa mayi amene adamubala, ndipo atatsimikiza motero, kulira kwa mayiyo kudangomveka ngati umboni wina wa umbuli wake.

Mfundo za Bambo Biestek

Kodi tsono wothandiza angadziteteze bwanji ku msampha umenewu? Yankho loyamba lidachokera kwa wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Bambo Felix Biestek, amene ankaphunzitsa pa Loyola University ku Chicago. M'buku lake la mu 1957 adatchula mfundo zisanu ndi ziwiri zimene zidaphunzitsidwa m'masukulu a ntchitoyi m'maiko ambiri. Adati munthu aliyense aonedwe monga iye mwini, osati monga mmodzi chabe wa gulu la osauka. Apatsidwe mpata wotulutsa zakukhosi. Wothandiza amve naye chisoni, koma modzigwira. Amulandire monga aliri. Asamuweruze. Amusiyire ufulu wosankha yekha za moyo wake. Ndipo asunge chinsinsi chake.

Mfundo zimenezi zimachokera pa chiphunzitso chimene tonse tikuchidziwa, chakuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo umphawi suchotsa ulemu umenewu. Tingoganizira mfundo yotsiriza ija ya chinsinsi. Ndi kangati pamene maina a olandira chithandizo amawerengedwa pagulu Misa itatha? Ndi kangati pamene mwana wamasiye amaimikidwa pamzere, atanyamula bulangete, kuti ajambulidwe chithunzi chotumiza kwa opereka ndalama? Bulangetelo lidzamufunditsa usiku, koma masana anzake adzamuloza chala. Walipira mphatsoyo ndi ulemu wake, ndipo palibe adamufunsa ngati akuvomera mtengo wotere.

Chatsitsa dzaye

Patapita zaka, anthu a ntchitoyi adaona kuti ulemu wa pakati pa anthu awiri, ngakhale ngofunika, sukwanira. Munthu angathe kulankhulidwa mokoma m'ofesi, n'kubwerera kumudzi kumene chomusautsa chija chikadali chilili. Makolo athu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Motero ku Britain, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kudakula chiphunzitso chakuti wosamalira anthu azilimbana ndi kuponderezana kumene kumabala mavutowo. Mmodzi mwa aphunzitsi ake, Neil Thompson, adafotokoza kuti tsankho limagwira ntchito pa misinkhu itatu yolowana. Pali za mumtima mwa munthu payekha, monga kunyoza ndi kudana. Pali za chikhalidwe, ndiye kuti zimene anthu onse adazolowera kuziona ngati zachibadwa, zimene zimamveka m'nthabwala ndi m'mawu a tsiku ndi tsiku. Ndipo pali za makonzedwe a dziko, ndiye kuti malamulo, kagawidwe ka chuma ndi ka maudindo.

Tiyerekeze mayi amene mwamuna wake wamwalira, ndipo abale a malemuyo atenga nyumba, njinga ndi mbuzi. Ana asiya sukulu, wamkulu wayamba kupemphetsa pamsika. Wothandiza woona msinkhu woyamba wokha adzati mayiyu ngofooka, sadziwa kulera. Woona msinkhu wachiwiri adzafunsa chifukwa chake mudzi wonse udangoyang'ana katundu akutuluka, ngati kuti ndi m'mene ziyenera kukhalira. Woona msinkhu wachitatu adzafunsanso kuti khoti lili kutali bwanji, ulendo wake ndi ndalama zingati, ndipo ndani adamuuzapo mayiyu kuti lamulo lili kumbali yake. Pakutitu m'Malawi muno, chiyambire 2011, lamulo la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Mphakati umene umapereka ufa kwa mayiyu mwezi ndi mwezi, koma osanena kanthu za mbuzi zake chifukwa wolandayo ndi mkulu wa mpingo, ukudyetsa munthu ndi dzanja limodzi, linalo likuthandiza kumupanikiza.

Eklezia sali mlendo pa maganizo amenewa. Mu 1987 Papa John Paul II, m'kalata yake yotchedwa Sollicitudo Rei Socialis, adalankhula za makonzedwe a uchimo. Adaphunzitsa kuti machimo a anthu, monga umbombo ndi kukonda ulamuliro, akachuluka amakhazikika m'malamulo ndi m'zizolowezi, n'kuyamba kukokera anthu ena ku zoipa zomwezo. Ndipo kale mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha utumiki wa Akhristu eni ake, udaika malire omveka bwino pa ntchito zachifundo. Udati chilungamo chiyambe chakwaniritsidwa, kuti chimene munthu ayenera kulandira mwa ufulu wake chisaperekedwe ngati mphatso. Udati ufulu ndi ulemu wa wothandizidwa zilemekezedwe. Udatinso tichotse gwero la vuto, osati zizindikiro zake zokha, ndipo chithandizo chikonzedwe mwakuti wolandira afike podziimira payekha.

Lamulo limanga dzanja la wothandiza

Ena amadabwa kuti malamulo alowereranji pa ntchito ya chikondi. Kodi chikondi sichikwanira? Buku la Deuteronomo, mutu 24, lili ndi yankho lakale kwambiri. Pamenepo wokongoza mnzake akuletsedwa kulowa m'nyumba ya wokongolayo kukatenga chikole. Aime panja, mwini nyumba atulutse yekha. Ndipo ngati chikolecho ndi chofunda cha munthu wosauka, chibwezedwe dzuwa lisanalowe. Wokongozayu ndi wothandiza, pakuti wapereka pamene mnzake adasowa. Komabe Mulungu akumuikira malire pakhomo. Kuthandiza munthu sikukupatsa ufulu wolowa m'nyumba mwake monga mwini.

Malamulo amakono oteteza ana ali ndi ntchito yomweyo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, limati mwana asalekanitsidwe ndi makolo ake iwo asakufuna, pokhapokha akuluakulu oyenera atagamula motsata lamulo kuti kutero ndiko kungamukomere, ndipo chigamulocho chikhale chotheka kuunikidwa ndi khoti. Limatinso mwana wotha kuganiza payekha amvedwe pa nkhani zonse zomukhudza. Mu 2009 bungwe lomwelo lidavomereza malangizo a kasamalidwe ka ana osaleredwa ndi makolo awo, ndipo malangizowo amanena mosabisa kuti umphawi pawokha si chifukwa chokwanira chochotsera mwana kwa makolo ake. Umphawi ndi chizindikiro chakuti banjalo lithandizidwe.

Kuno kwathu lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limalola wapolisi, wa ofesi ya chisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba, kutenga mwana amene ali pangozi ndi kumuika pamalo otetezeka. Koma limalamulanso kuti nkhaniyo ifike ku khoti la ana pasanathe maola 48. Apa tikuona nzeru ya lamulo: limapereka mphamvu yopulumutsa, ndipo nthawi yomweyo limafuna kuti wopulumutsayo akafotokoze pamaso pa wina chifukwa chimene wachitira zimenezo. Munthu wabwino saipidwa ndi malire otere. Amadziwa kuti mtima umanyenga mwini wake, ndipo nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Kodi tsono tingokhala chete?

Wina angatifunse kuti: ngati kulowerera kuli koopsa chotere, bwanji osangosiya banja lililonse lidzionere lokha? Funsoli n'lolemera, ndipo yankho lake lili m'nkhani ina yomvetsa chisoni. Victoria Climbié adali mtsikana wa ku Côte d'Ivoire. Makolo ake adamupereka kwa wachibale wamkazi wa bambo ake kuti akaphunzire ku Ulaya, monga momwe ifenso timatumizira ana kwa achibale m'tauni. Adafika ku London mu 1999. Pa 25 February 2000 adamwalira ali ndi zaka 8, thupi lake lili ndi mabala ndi zipsera 128, atazunzidwa miyezi yambiri ndi mayi uja pamodzi ndi chibwenzi chake. Mwanayu sadali wobisika. Ankadziwika ku maofesi anayi a chisamaliro cha anthu, ku zipatala ziwiri ndi kupolisi. Adapita nayenso ku matchalitchi, kumene mavuto ake adayesedwa a mizimu yoipa. Kafukufuku wa Lord Laming, amene adatuluka mu 2003, adapeza kuti padali mipata yosachepera 12 imene akadapulumutsidwa. Zidamvekanso kuti pamene mwanayo ankaima chilili mwamantha pamaso pa womulerayo, wina adangoti umenewo ndi ulemu wa ana a mu Africa.

Tikaika nkhani ya ku Canada pambali pa ya Victoria, zikuoneka ngati zotsutsana. Uko ana adachotsedwa popanda chifukwa. Kuno mwana adasiyidwa pamene adayenera kuchotsedwa. Uko chikhalidwe cha anthu chidanyozedwa. Kuno dzina la chikhalidwe lidaphimba nkhanza. Koma muzu wake ndi umodzi. Ku Canada sadamvere makolo ndi ana. Ku London adamvera wamkulu wodziwa kulankhula, ndipo panalibe amene adakhala pansi ndi mwanayo mofatsa, m'Chifalansa chimene ankalankhula, kuti amve m'mene tsiku lake limayendera. Kukana kupondereza sikutanthauza kupinda manja. Kumatanthauza kufunsa, m'nyumba iliyonse imene talowa, kuti wopanda mawu kwambiri muno ndani. Pamaso pa boma, wofooka ndi banja losauka. Koma m'kati mwa banjalo wofooka angakhale mkazi womenyedwa, mwana wopeza, mtsikana wantchito, wolumala wotsekeredwa kuchipinda, kapena gogo amene akunenedwa ufiti. Mwambo ngolemekezeka, koma mwambo umene ukufuna kuti mwana akhale chete pamene akupwetekedwa wataya ufulu wake wolemekezedwa.

Nyumba ya ana amasiye, kapena khomo la agogo?

Tsopano tibwere pa nkhani imene imafika pa misonkhano ya makhonsolo a maparishi. Mliri wa Edzi udasiya ana ambiri opanda makolo, ndipo anthu achifundo, akuno ndi akunja, adamanga nyumba zosungiramo ana amasiye. Sitikayika kuti ana ena ali moyo lero chifukwa cha nyumba zimenezi, makamaka makanda amene amayi awo adamwalira pobereka. Koma pali zinthu ziwiri zimene aliyense wofuna kumanga nyumba yotere ayenera kuzidziwa.

Choyamba, mu 2009 bungwe la Save the Children lidalengeza kuti pa ana asanu alionse okhala m'nyumba zotere pa dziko lapansi, anayi ali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Chimawapititsa kumeneko kawirikawiri ndi umphawi, kulumala, kapena kufuna sukulu. Chachiwiri, ku Romania, kumene ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu 1989 kudapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba za boma, akatswiri adachita kafukufuku kuyambira mu 2000. Adatsata ana aang'ono 136 a mumzinda wa Bucharest; theka adapita kukaleredwa m'mabanja, theka adatsala m'nyumba zija. Oleredwa m'mabanja adaposa anzawo pa nzeru, pa kulankhula ndi pa kukhulupirira munthu wowalera, makamaka amene adachoka asanakwanitse zaka ziwiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Khanda limakula poyankhidwa ndi nkhope imodzi yodziwika, usana ndi usiku. Antchito osinthana nthawi, ngakhale akhale okoma mtima chotani, sangakhale nkhope imeneyo. Makolo athu adaziona kale zimenezi pamene adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mu 1931 Papa Pius XI, m'kalata ya Quadragesimo Anno, adaphunzitsa kuti n'kulakwa kuti bungwe lalikulu lilande ntchito imene munthu kapena kagulu kakang'ono kangathe kuchita. Udindo wa wamkulu ndi kuchirikiza wamng'ono, osamumeza. Banja ndilo kagulu koyamba. Ngati gogo akulephera kudyetsa adzukulu atatu, chimene chasowa pakhomopo ndi chakudya. Chikondi chilipo kale. Ndalama zomangira chipinda chogona ana makumi awiri zingathe kugula mbewu, feteleza, yunifolomu ndi malata a makomo ambiri. Boma lomwe lidayamba kuyenda njira yotere mu 2006 ku Mchinji, pamene lidayamba kupereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndondomeko imene timaitcha Mtukula Pakhomo. Tidziwe kuti nyumba ya njerwa yokhala ndi chikwangwani imaoneka, ndipo alendo amaijambula. Thumba la chimanga lolowa mwakachetechete kwa gogo silioneka. Tidzifunse moona ngati tikufuna chokomera mwana kapena chooneka ndi maso.

Mpando pabwalo

Kumva munthu sikutha ndi kumufunsa mafunso. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, likusimba kuti mu Eklezia woyamba mudabuka dandaulo: amayi amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankadumphidwa pa kugawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sadawadzudzule kuti ngosayamika. Adaitanitsa gulu lonse, ndipo padasankhidwa amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo. Tikawerenga maina awo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolasi wa ku Antiokeya, tipeza kuti onse ndi maina a Chigriki. Zikuoneka kuti odandaula aja sadangowonjezeredwa chakudya. Anthu a mbali yawo adapatsidwa chipande chogawira.

Nanga m'makomiti athu a zachifundo muli mayi wamasiye ngakhale mmodzi? Pokambirana za olumala, kodi wolumala amakhalapo, kapena masitepe a holo amamutsekereza panja? Wodumphidwa pa mndandanda angakadandaule kwa yani, wosakhala yemwe adamudumphayo? Wolandira akakana chimene tamupatsa, n'kupempha china, kodi timamumvera, kapena timati wosauka sasankha? Ndipo tikamva kulira kwa mwana usiku uliwonse kuseri kwa mpanda wa mnansi, kodi timadziwa njira ya kwa mfumu, ya kupolisi ndi ya ku ofesi ya chisamaliro cha anthu? Mafunso amenewa safuna ndalama. Amafuna kudzichepetsa, ndi nthawi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Marko Woyera, pa mutu 10, akusimba za Bartimeyo, wakhungu wopemphapempha wa ku Yeriko. Anthu ambiri adamukalipira kuti akhale chete, ndipo ena mwa iwo mwina ndi omwe ankamuponyera tindalama masiku onse. Ambuye adaima, namuitanitsa. Aliyense ankaona kuti munthuyo ngwakhungu, ndipo Ambuye ankadziwa za mumtima mwake kuposa iye mwini. Komabe asanachite kanthu adamufunsa chimene ankafuna kuti amuchitire, nadikira yankho. Ngati Mwana wa Mulungu, amene sakadalakwa poganizira chosowa cha munthu, adaona kuti n'koyenera kufunsa, nanga ife amene timalakwa kawirikawiri tingadumphe bwanji funsolo? Abale athu okondedwa, tisaleke kupereka, ndipo tipereke koposa kale. Koma tisanatambasule dzanja, tiyambe taima pakhomo, tiodire, ndipo mwini nyumba atiuze yekha pamene pakupweteka.